Moto wa m'mimba ndi botolo la alamu anga

Mwera wafika kuno ku Chilumba. Chiyambireni Juni nyanja yasintha nkhope, mafunde akumenya miyala ya kudoko usiku wonse, ndipo m'mawa ana akupita kusukulu manja ali m'khwapa. Ine wobadwira ku Dedza, kumene madzi a mumtsuko amaluma mano mwezi uno, poyamba ndinkawaseka anthu a kuno akamati kwazizira. Kuseka ndidaleka tsiku limene ndidaona alamu anga akutsika m'bwato mbandakucha, zovala zili nyowenyowe, chibwano chikugundana, atachezera panyanja kusaka usipa. Chisanu cha kwathu kumapiri umachithawira m'bulangete, pamene cha panyanja chimakupeza uli wonyowa, mphepo ikukuomba, kobisala kulibe. Akuluakulu a kuno saichita chibwana mphepo ya miyezi ino. Mpaka lero amakumbukira sitima ya Viphya imene idamira chakufupi ndi Chitimba pa 30 Julayi 1946, anthu 145 n'kutaya miyoyo.

Lero ndikufuna tikambirane za m'mimba m'nyengo yozizira, ndipo ndiyambira pa alamu angawo, amene ndi mng'ono wa amuna anga. Chaka chatha, nyengo ngati yomwe ino, adayamba kudandaula chilungulira, kugeya kosatha ndi kupweteka chapamwamba pa mchombo. Munthu amene ankamaliza mitanda itatu ya kondowole adayamba kungotsina kawiri, basi wasamba m'manja. Mankhwala awo adali awiri. Popita kunyanja ankatenga kabotolo ka kachasu, ati kofunditsa thupi. Pobwerera ankagula mapiritsi a bulufeni pagolosale chifukwa cha mapewa ndi msana, n'kumwa m'mimba mulibe kanthu.

Tsiku lina adapita ku Mzuzu kukagulitsa usipa wouma, n'kubwerako ndi botolo lokongola, chithunzi cha masamba obiriwira pachikuto. Adagula kwa mnyamata wina wotsatsa mankhwala m'basi, amene adawauza kuti ndi a Ayurveda, ochokera ku India, ochiza zilonda za m'mimba, shuga, BP, ngakhale mphamvu za abambo. Ndalama imene adapereka idali ya ndowa ziwiri za usipa.

"Alamu, inu mudaphunzira, tandiwerengerani zalembedwa apazi," adatero akundipatsa botololo ndi manja awiri.

Ndidalitembenuza uku ndi uku. Padalibe mndandanda wa zimene adasakaniza, padalibe adiresi ya opanga, ngakhale tsiku loti mankhwalawo atha mphamvu.

"Alamu, botolo ili silikunena kwawo," ndidawayankha. "Bwanji tiyambe tapita kuchipatala?"

Adangoseka, nati ndalama yapita kale, ayambe ayesa.

Kuyambira pamenepo ndidafuna kudziwa kuti Ayurveda n'chiyani kwenikweni. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito m'shopu ya banja lina la amwenye ku Lilongwe, ndipo adandiuza kuti agogo a panyumbapo, Juni akangofika, m'mawa uliwonse amamwa madzi ofunda oikamo jinja. Atawaonetsa chithunzi cha botolo la alamu pafoni, agogowo adapukusa mutu, n'kumuuza kuti Ayurveda imene iwo adaphunzira kwa amayi awo idali ya kukhitchini. Mawu amenewa ndiwo adandipatsa chidwi chowerenga zambiri.

Ayurveda ndi nzeru ya zamankhwala ya makolo a ku India. Dzinali ndi la m'chiyankhulo chawo chakale cha Sanskrit, ndipo limatanthauza kudziwa za moyo. Mabuku ake akuluakulu, Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita, adalembedwa zaka pafupifupi 2 000 zapitazo. Mpaka lero ku India kuli makoleji ophunzitsa nzeruyi, ndipo mu 2014 boma la kumeneko lidakhazikitsa unduna wapadera wotchedwa AYUSH woti uziyang'anira mankhwala a mtunduwu. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidagwirizana ndi dziko la India zotsegula likulu loona za mankhwala a makolo mumzinda wa Jamnagar. Tikamati Ayurveda tsono tikunena chinthu chokhala ndi mizu, ndipo n'chifukwa chake ochenjera amabwereka dzina lake pogulitsa mabotolo awo.

Mawu amene adandikhala pamtima ndi akuti agni, kutanthauza moto. Eni akewo amati m'mimba mwa munthu muli moto umene umaphikanso kachiwiri chakudya chimene tameza. Motowo ukamayaka bwino, chakudya chimasanduka magazi ndi mphamvu. Ukafooka, chakudya chimatsala chosapsa, n'kusiya zinyatsi zimene amazitcha ama, zimene amati ndizo chiyambi cha matenda ambiri. Madokotala a lero sanena za moto, amanena za asidi wa m'mimba, ndulu ndi timadzi tina togaya chakudya. Koma mayi aliyense wophika pamafuwa fanizoli alimva msanga. Ukaunjika nkhuni zambiri pakamoto kakang'ono, kamazima. Ukasonkhezera zaziwisi, m'nyumba mumangodzaza utsi. Ukatereka mphika wopanda kanthu pamoto waukulu, umapserera mphikawo.

Anzathuwo amagawa chaka m'nyengo zisanu ndi imodzi, iliyonse ya miyezi iwiri, ndipo nyengo iliyonse ili ndi kadyedwe kake. Yozizira yoyamba amaitcha hemanta, kuyambira pakati pa Novembala kufika pakati pa Januwale, kenaka kumabwera ina yotchedwa shishira. Apa mpofunika kuchenjera, abale anzanga. India ali kumpoto kwa dziko lapansi, ife tili kummwera, choncho nyengo zathu n'zosemphana. Malangizo amene amazungulira pa WhatsApp mu Disembala onena za kudziteteza ku chisanu amatipeza ife tili m'dzinja, thukuta lili kamukamu, tikupalira chimanga. Hemanta yathu ndi Juni ndi Julayi.

Nanga mabukuwo amati chiyani za nyengoyi? Amati kunja kukazizira, kutentha kwa thupi kumatsekeredwa m'kati, ndiye moto wa m'mimba umakula kuposa nyengo ina iliyonse. N'chifukwa chake njala imaluma msanga m'mawa wa chisanu. Amalangiza kuti motowo upatsidwe chakudya chokhalitsa: mkaka, mafuta, nyama, zopangidwa kuchokera ku nzimbe, mpunga watsopano, ndi madzi ofunda. Amachenjezanso kuti ukaumana chakudya, motowo umayamba kudya thupi la mwini wake. Nditawerenga ndidayang'ana pabwalo n'kuseka ndekha. Mpunga watsopano wa kilombero wa ku Hara udali pamphasa. Nzimbe zidali mbwee pamsika wa Uliwa. Chambiko chimabwera pakhomo m'zigubu. Mtedza tidali titangokumba. Zonse zimene buku la zaka 2 000 limatchula, kapena zofanana nazo, zidali pakhomo pathu, pamene alamu adataya ndowa ziwiri za usipa pa botolo losadziwika kwawo.

Pali zina m'nzeruyi zimene ine sindingatsate. Mabuku akalewo amalola kumwako mowa m'nyengo yozizira, ndipo ndikudziwa asodzi ena akamva zimenezi aomba m'manja. Dikirani kaye. Mowa umatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, ndiye munthu amamva kufunda pamene kutentha kukutuluka m'thupi. Kwa munthu wonyowa amene ali pamphepo ya mwera, kumeneko n'kutsegula chitseko cha nyumba usiku wa chisanu. Kachasu m'mimba mopanda kanthu amapalanso khungu la m'kati mwa chifu, ndipo msodzi woledzera akagwera m'madzi mafunde samufunsa dzina.

China ndi nkhani ya mabotolo. Mu Ayurveda muli nthambi ina yotchedwa rasa shastra, imene imasakaniza dala zitsulo m'mankhwala, eni ake n'kumati adaziyeretsa. Mu 2004 dokotala Robert Saper ndi anzake a ku Boston, m'dziko la America, adagula mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda m'masitolo a kumeneko n'kukaipima. Mwa imeneyi, 14 idapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic, kutanthauza umodzi mwa mitundu isanu iliyonse. Mtovu umaononga impso, magazi ndi ubongo wa ana, komanso umapweteketsa m'mimba momwemo mmene munthu akufuna kuchiza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno kwathu kuli bungwe la PMRA limene ntchito yake n'kuvomereza ndi kuyang'anira mankhwala. Botolo lopanda dzina la wopanga ndi mndandanda wa zosakaniza musaliike pakamwa, kaya likuti lachokera ku India, ku China kapena ku Tanzania.

Ife a ku Chilumba tiyenera kukhala oyamba kumvetsa kuti mankhwala amayesedwa. Pompano mpamene padakhazikika kafukufuku wa khate amene adayamba mu 1979, yemwe adadzatchedwa Karonga Prevention Study ndipo lero ali pansi pa MEIRU. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120 000 a boma lino adalowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG. Zotsatira zitatuluka mu 1996 zidaonetsa kuti kubaya BCG kachiwiri kumawonjezera chitetezo ku khate, koma ku TB ya m'mapapo ayi. Taonani, ngakhale katemera wa akatswiri adamuyesa kwa zaka, n'kunena poyera pamene wathandiza ndi pamene walephera. Nanga botolo lochiza matenda khumi nthawi imodzi lidayesedwa pa ndani?

Tibwerere kwa alamu. Adamwa mankhwala awo masabata atatu, kachasu ndi bulufeni osasiya. M'mawa wina mkazi wawo adabwera kwathu nkhope ili yakugwa, n'kundikokera kuseri kwa khitchini.

"Amayi, abambo kunyumbaku chimbudzi chawo chada bii ngati tala wa pamsewu, ndipo akaimirira akuona chizungulire," adandinong'oneza.

Tsiku lomwelo amuna anga adakodola kabaza, ndipo sitidamvere zoti ayambe amaliza botolo. Kuchipatala adatiuza kuti chimbudzi chakuda choncho ndi magazi ochokera pachilonda cha m'mimba. Adawagoneka, kenaka adawapatsa mankhwala ochepetsa asidi ndi ena opha tizilombo oti amwe masabata awiri, n'kuwaletseratu bulufeni ndi mowa. Mlandu waukulu wa botolo lija ndi masabata atatu amene lidatidyera. Safunsa adadya phula.

Ambirife timakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimabwera ndi njala kapena maganizo. Zimenezi zikhoza kukulitsa ululu, koma zoyambitsa zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, adakatulukira mu 1982, ndipo adalandira nako mphotho ya Nobel mu 2005. Chachiwiri ndi mapiritsi opha ululu a mtundu wa bulufeni, asipulini ndi diclofenac, makamaka akamamwedwa tsiku ndi tsiku. Kachilomboko sikafa ndi jinja, uchi kapena chambiko. Kamafa ndi mankhwala a kuchipatala, omwa mpaka kumaliza.

Alamu atachira mpamene nzeru ya agogo a ku Lilongwe aja idapeza ntchito yake. Chaka chino mwera utangoyamba tidakhala pansi ndi mkazi wawo n'kupangana zochita, ndipo palibe chimene tidakagula kutali. Alamu sapitanso kunyanja m'mimba mulibe kanthu. Madzulo asadanyamuke amadya chakudya chamoto: mpunga wa mkaka, futali, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro. M'malo mwa kabotolo kaja amanyamula fulasiki ya tiyi woikamo kachidutswa ka jinja, ndi malaya ouma omangidwa m'jumbo oti asinthe akanyowa. Jinjayo ndi chimodzi mwa zinthu za Ayurveda zimene akafukufuku a lero adaziona kuti zimachepetsadi nseru. Koma ndi wa pang'ono. Munthu amene adadwalapo zilonda asachulutse jinja kapena tsabola, angadzutse chilungulira chimene chidagona.

Akabwerako m'mawa, njala ili pachimake, sakhutanso mpaka kulephera kupuma. Buku la Charaka limalangiza kugawa mimba patatu: gawo la chakudya, gawo la zakumwa, ndi gawo lotsala lopanda kanthu. Apongozi anga atamva adati zimenezo n'zakale, munthu amadzuka pamphasa m'mimba mukadali malo a nthochi imodzi. Amayembekezanso pang'ono asadagone, chifukwa kugona utangodya kumabweza asidi kummero. Mkute sadya wozizira, amauotcha kapena kuutenthetsa mpaka upse bwino. Madzi akumwa timawiritsa n'kumwa ali ofunda. Phindu lake ndi lapawiri, chifukwa nyengo yozizira ludzu limabisala, munthu n'kumamwa madzi ochepa mpaka kudzimbidwa, komanso ife a kunyanja amene tidaona kolera wa 2022 ndi 2023 tikudziwa chimene madzi osawiritsa amachita.

Pamawu akuti ofunda ndiimepo pang'ono. Ambirife timakonda tiyi wochokera pamoto pomwepo, wina mpaka kumanyadira kuti iye samapepesa phala. Mu 2016 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, lidaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Kapu ikamakuotchani zala, dziwani kuti ikuotchanso mmero. Ikani pansi, chezani pang'ono, mumwe itapola.

Nzeru ina sidachokere ku India, idachokera kwa apongozi anga, ndipo ikukhudza nsima yathu ya kondowole. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa mtundu wa cyanide, amene amachoka tikachisenda, kuchiviika mpaka chifewe, n'kuchiyanika chiume. Nyengo yotentha chimafewa msanga, koma madzi akazizira chimachedwa. Apongozi amati mwezi uno usawerenge masiku, finya ndi chala. Ngati pakati pakadali polimba, chibwezere m'madzi. Ufa wa chinangwa chovuulidwa msanga umabweretsa mutu, chizungulire, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ku Nampula, m'dziko la Mozambique, mu 1981 anthu oposa 1 000 adapuwala miyendo ndi nthenda ya konzo, chilala chitawakakamiza kudya chinangwa chosakonzedwa bwino. Kusamala m'mimba kumayambira pamtsuko woviikira.

Ayurveda imalangizanso kudzola thupi mafuta ofunda, makamaka a chitowe, ndi kuothera dzuwa. Kudzolako amakutcha abhyanga. Agogo athu ankachita zomwezo ndi mafuta a nsatsi, ndipo ife lero tili ndi vaselini. Kudzola sikuchiza chilonda cha m'mimba, koma kumateteza khungu ndi ming'alu ya kumapazi, ndipo mkazi wa alamu akawasisita mapewa ndi msana ululu umatsika. Ukawavuta kwambiri amamwa panado monga adawauzira kuchipatala. Kufunda kumene ndikukuletsani ndi kwa mbaula m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Otherani pakhonde, ndipo ana akhale patali ndi moto.

Tsono tisiyanitse bwino. Kudzimbidwa kwa tsiku limodzi, kutupa m'mimba utadya nyemba, kapena chilungulira cha apo ndi apo, zimenezi kukhitchini zimatheka. Koma mukaona chimbudzi chakuda kapena cha magazi, kusanza magazi, chakudya kukakamira pammero, kuonda popanda chifukwa, maso achikasu, kapena ululu wopitirira masabata awiri, musataye nthawi ndi jinja ngakhale botolo. Thamangirani kuchipatala. Amayi oyembekezera ndi amene mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a TB, musasiye mankhwala anu chifukwa cha zitsamba, ndipo funsani adokotala musadaphatikize. Uchi ndi wabwino m'tiyi wa akulu, koma khanda losakwana chaka musalipatse.

Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa ine kalumo ka Ayurveda ndi funso limene idandiphunzitsa kufunsa nyengo ikasintha: kodi moto wa m'mimbamu ndausonkhezera chiyani lero, ndipo nthawi yanji? Mayankho ake ndidawapeza m'nkhokwe mwathu momwemuno, ndipo pamene nkhokwe idalephera adatithandiza ndi achipatala.

Dzulo madzulo alamu adadutsa pakhomo akupita kudoko, fulasiki ili m'khwapa, masaya atabwerera.

"Alamu, botolo lija mudaliponya kuti?" ndidawafunsa.

"Lilipo, alamu. Ndidakhuthula zonse n'kulitsuka, pano ndimasungiramo mbedza. Ntchito imeneyo ndiye likuigwira bwino."

Sabata yamawa tidzakambirana za chifuwa cha ana m'nyengo yomwe ino. Fundani bwino, ndipo mbaula igone panja.